Ndalama za kafukufuku ku Chirunga: zomveka ndi zenizeni

Mu Zomba nkhani siigona panjira. Mphunzitsi wa pa yunivesite ya ku Chirunga akangooneka kawiri katatu m'galimoto yolembedwa dzina la bungwe pachitseko, a kabaza a pa Mpondabwino amakhala atagamula kale: adokotala aja apata pulojekiti, ndalama za azungu zawagwera. Achibale kumudzi amayamba kuimba foni za fizi ndi feteleza. Anzawo a m'dipatimenti, amene akanayenera kudziwa bwino, nawonso amanong'onezana kuti ameneyo ali ndi mzungu wake ku Norway. Mphunzitsi wachinyamata amene wangolembedwa kumene ntchito amamva zonsezi n'kutsimikiza mumtima kuti zoterezi si za iye.

Womalizayu ndiye amandidetsa nkhawa. Zambiri mwa zimene akumvazo n'zabodza, ndipo zoona zake zenizeni, zimene zikanamuthandiza, palibe amamuuza.

"Wapeza thandizo, walemera"

Bungwe likavomera kupereka ndalama za kafukufuku silisainirana ndi mphunzitsi ayi, limasainirana ndi yunivesite. Ndalamazo zimalowa mu akaunti ya pulojekiti, ndipo sizidza zonse nthawi imodzi. Zimadza m'magawo, gawo lachiwiri kutuluka pokhapokha lipoti la gawo loyamba litavomerezedwa. Tambala iliyonse ili ndi mzere wake m'bajeti. Ya mafuta ndi ya mafuta, ya fizi ya wophunzira ndi ya fizi basi. Ukafuna kusuntha ndalama yochuluka kuchoka pa mzere uwu kupita pa uwo, umalemba kalata n'kudikira yankho lochokera ku Oslo kapena ku London.

Ntchito isanayambe n'komwe, ena amakhala atatapapo kale, ndipo satapa mwakuba. Yunivesite imatengako gawo la magetsi, madzi, intaneti ndi malipiro a owerengera ndalama. Gawolo ndi laling'ono kuposa momwe ambiri amaganizira. Bungwe la NIH la ku America lakhala likulola 8 peresenti yokha kwa masukulu a kunja kwa dziko lawo, pamene la Gates silipyola 15 peresenti, moti nthawi zina yunivesite imachita kuonjezera za m'thumba mwake kuti pulojekiti iyende. Palinso makomiti oona kuti kafukufuku asavulaze kapena kunyazitsa anthu ofunsidwa. Ku Zomba kuli UNIMAREC, ku Lilongwe kuli makomiti a boma, ndipo ya zaumoyo yakhala ikufuna 10 peresenti ya bajeti ya kafukufukuyo.

Wofuna kudziwa moyo wa mwini pulojekiti amuyendere sabata yotseka malipoti. Patebulo pamakhala mulu wa malisiti, ena ofufutika ndi thukuta la m'thumba, akumatidwa limodzilimodzi pa mapepala oyera. Ofunsa mafunso anapita ku Kachulu, anakwera bwato kuolokera pa chilumba cha Chisi. Mwini bwato alibe buku la malisiti, ndiye payenera kupezeka pepala limene anasainapo kapena kudindapo chala. Amfumu anamema anthu pansi pa mtengo, anthu anamwa zoziziritsa kukhosi, ndiye pakufunika mndandanda wa mayina a onse amene anamwa. Pepala limodzi likasowa, fayilo yonse imabwerera, ndipo ophunzira amene akudikira malipiro awo ku Chikanda saimbira foni a ku Oslo, amaimbira mphunzitsi yemweyo, ngakhale pakati pa usiku. Walira mvula walira matope.

Ndiye pali kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anasunga K10 miliyoni yoti agulire makina kunja anagona ali ndi madola pafupifupi 8,500, n'kudzuka ali ndi osakwana 5,900. Wopereka thandizo amangofunabe ntchito imene munagwirizana.

Nanga nyumba zija zikumera ku Matawale ndi ku Chinamwali? Sindikukana kuti alawansi ya ulendo ilipo, ndiponso mapulojekiti ena amalipira nthawi imene mphunzitsi wagwira. Koma ndalama yachangu imachokera ku maganyu, osati ku thandizo la kafukufuku, ndipo anthu amasokoneza ziwirizi. Bungwe likafuna lipoti la momwe ntchito yake yayendera, limalemba mphunzitsi kwa masabata angapo. Funso ndi la bungwelo, yankho ndi la bungwelo, lipoti limakathera mu kabati. Ganyu si tchimo, malipiro a mwezi paokha sakwanira, ndipo maganyu ena amabala ntchito yolimba. Koma pa tsiku lofunsira kukwezedwa, komiti imawerenga zimene munthu anasindikiza m'magazini a akatswiri, si malipoti a m'kabati aja. Wodalira maganyu okhaokha amatha zaka khumi ali ndi galimoto yabwino koma dzina lake lisakudziwika kulikonse kumene ndalama za kafukufuku zimagawidwa.

"Ndalamazo ndi za a zachipatala"

Apa pali choonadi chochuluka. Ndalama zikuluzikulu za kafukufuku m'Malawi zakhala zikutsata malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu, ndipo zimatsikira ku Blantyre, kumene pulogalamu ya Malawi-Liverpool-Wellcome yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1995. College of Medicine inatsegula ofesi yake yothandiza ofufuza, Research Support Centre, mu 2006. M'menemo munali anthu amene ntchito yawo inali kusaka malonda a thandizo, kukonza mabajeti ndi kusunga malisiti, kuti dokotala azingoganiza za sayansi. Kwa zaka zambiri zonsezi zinkawerengedwa pa dzina limodzi la University of Malawi. Pa 4 Meyi 2021 banja linagawana: a zachipatala anakhala KUHeS, Polytechnic inakhala MUBAS, dzina lakale n'kutsalira Chancellor College. Kuyambira tsikulo Zomba ikuyezedwa ndi zokolola zake zokha.

Ndipo zokololazo zilipo, kungoti sizichita phokoso. Centre for Social Research inakhazikitsidwa mu 1979 ndi thandizo la UNICEF, ndipo ndiyo imayendetsa kafukufuku wa Afrobarometer m'dziko muno, amene anayamba mu 1999. Mu Meyi 2014, masiku ochepa chisankho chisanachitike, kafukufukuyu anaonetsa kuti a Peter Mutharika ali patsogolo. Ena anamunyoza, koma mavoti atawerengedwa zinali momwemo. Pulogalamu ya NORHED ya dziko la Norway inathandiza ntchito yokonza kaphunzitsidwe ka aphunzitsi a masamu, imene a Mercy Kazima anatsogolera pamodzi ndi yunivesite ya Stavanger. Inathandizanso mgwirizano wa akatswiri a ndale ndi ulamuliro ndi anzawo a ku Oslo. Mu 2016 a Dan Banik ndi a Blessings Chinsinga anatulutsa buku lounika zimene demokalase yabweretsa m'Malawi. Kuyambira 2010 ofesi ya kazembe wa Norway inalipirira pulogalamu yothandiza anthu ozungulira nyanja ya Chilwa pa kusintha kwa nyengo, imene inayendetsedwa ndi LEAD ya ku Chancellor College motsogozedwa ndi a Sosten Chiotha, pamodzi ndi bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ndi WorldFish. Nayo World Bank inaika ndalama ku CRAFS, likulu la kafukufuku wa ulimi ndi chakudya la pa yunivesite yomweyi.

A zilankhulo, mbiri yakale ndi zachipembedzo ndiwo ali ndi chifukwa chenicheni chodandaulira. Pulogalamu yotchuka ya African Humanities Program, imene inkalipiridwa ndi Carnegie, inkangotenga a ku Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Wogwira ntchito m'Malawi sankaloledwa ndi kufunsira komwe. Komabe ntchito zina zokhalitsa za mu Zomba zatuluka kwa anthu omwewa. Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womasulira mawu athu m'chilankhulo chathu chomwe. Kachere Series, imene inayambira ku dipatimenti ya zachipembedzo, yasindikiza mabuku ochuluka a mbiri ya mipingo ndi miyambo yathu pa ndalama imene a zachipatala angathere pa msonkhano umodzi. Nalo laibulale lalikulu la ku Britain, kudzera mu Endangered Archives Programme, linathandiza National Archives kuteteza ndi kujambula zikalata zakale za maboma ndi mafumu. Wophunzitsa mbiri yakale ku Chirunga safunika tikiti ya ndege kuti akawerenge zimenezo, amangoyenda wapansi.

"Popanda mzungu wako sungapate"

Ichi ndiye chikhulupiriro chovuta kuchitsutsa, chifukwa theka lake n'loona. Malonda ambiri a thandizo amanena poyera kuti wofunsira akhale ndi mnzake wa ku yunivesite ya dziko lopereka ndalamazo. NORHED imafuna mnzanu wa ku Norway, ndalama za ku Britain zimafuna wa ku Britain. Bodza lake ndi loganiza kuti mnzakeyo amapezeka mwamwayi, kapena pomwera limodzi khofi ku Ku Chawe. Pulofesa wa ku Ulaya amene ali ndi masabata asanu ndi limodzi oti atumize pempho amatsegula kompyuta n'kusaka amene analembapo za nsomba za ku Chilwa, za ukwati wa ana, kapena za makuponi a feteleza. Amene dzina lake latuluka ndiye amalandira kalata. Kapepala kamodzi kosindikizidwa pamalo oyenera kamagwira ntchito imene maulendo khumi a ku misonkhano sangagwire.

Malemu a Ephraim Chirwa, katswiri wa zachuma wa ku Chancellor College, ndi chitsanzo chooneka. Anayamba kalekale kufufuza za alimi ang'onoang'ono ndi misika ya mbewu, moti pamene dziko lonse lapansi linkafuna kumva za makuponi a ku Malawi, panalibe njira yowalambalala. Buku limene analemba ndi a Andrew Dorward mu 2013 ndilo limatchulidwa mpaka lero pa nkhaniyi.

Koma tiyeni tione mbali ina ya mgwirizano wotere. M'zaka za 2008 ndi 2009, m'boma lomwe lino la Zomba, munachitika kafukufuku wina wotchuka padziko lonse. Atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22, ochokera m'madera 176 a kalembera, anagawidwa m'magulu. Ena ankalandira ndalama mwezi uliwonse pokhapokha akupita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulolo, ena sankalandira. Zotsatira zake zinasonyeza kuti lamulo lija linathandiza atsikana kukhala m'kalasi, pamene ndalama zopanda lamulo zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati pakati pa osiya sukulu. Zimenezi zimaphunzitsidwa m'mayunivesite akuluakulu. A Chirwa analemba nawo limodzi mwa mapepala oyamba, koma kunja kafukufukuyu amadziwika ndi mayina a Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Sindikunena kuti alipo anaba kanthu, poti iwo ndiwo anabwera ndi funso ndi ndalama. Ndikungoti mphunzitsi wa kuno, asanasaine, afunse mafunso amene ife mwaulemu wathu timachita nawo manyazi. Ndani adzasunge zimene tasonkhanitsa? Kodi ophunzira anga adzaloledwa kuzigwiritsa ntchito? Dzina langa lidzakhala pati pa pepala? Wosafunsa amatha kukhala kapitawo wa ofunsa mafunso, wodziwa njira ya kwa Jali ndi dzina la mfumu iliyonse, koma wosaonekera pena paliponse ntchito ikatha. M'gawo loyamba la NORHED ndalama zinkasungidwa ndi yunivesite ya kuno, m'gawo lachiwiri, loyamba mu 2021, udindowo unapita kwa a ku Norway. Wosunga chikwama mawu ake amalemera pa msonkhano, ndiye kusintha kumeneku si kwakung'ono.

Ndiponso si ndalama zonse zimafuna mzungu. AERC ya ku Nairobi yakhala ikuthandiza akatswiri a zachuma a mu Africa kuyambira 1988, ndipo kawiri pachaka imawaitana kuti pempho lawo likang'ambidwe ndi akuluakulu asanawapatse ndalama. Ambiri amabwerako atakhumudwa, koma pempho lawo litawongoka. CODESRIA ya ku Dakar ndi OSSREA ya ku Addis Ababa zinakhazikitsidwira a za chikhalidwe cha anthu, RUFORUM ya ku Kampala ndi ya a zaulimi. Onsewa ndalama zawo zambiri zimachokerabe kunja, koma osankha ndi Aafirika.

"Zimenezo ndi za mapulofesa"

Ichi sindichedwapo. Zikuluzikulu n'zoona zimafuna wotsogolera wodziwika, koma pali makomo amene pulofesa saloledwa kulowapo. CARTA, imene inayamba mu 2008 ndipo yunivesite ya Malawi inalowa nawo, inapangidwira aphunzitsi achinyamata ofuna digiri ya udokotala pa za umoyo wa anthu. OWSD imapereka mpaka madola 50,000 kwa amayi asayansi amene ali kumayambiriro kwa ntchito yawo atamaliza udokotala, ndipo Malawi ili pa mndandanda wa mayiko ovomerezeka. TWAS ili ndi zake za ongoyamba. Chimene chimagwetsa achinyamata ambiri si msinkhu, koma kusawerenga malangizo mpaka kumapeto, kutumiza pempho ola lomaliza magetsi n'kuthima, ndiponso kutaya mtima akakanidwa koyamba. Kukanidwa ndiye chizolowezi cha ntchitoyi. Pulofesa amene mukumusirirayo ali ndi makalata okanidwa ochuluka kuposa ovomera, kungoti sawapachika pakhoma.

"Boma silipereka kalikonse, koma akunja sadzatitaya"

Ziwirizi zimanenedwa ndi pakamwa pamodzi, ndipo zonse ndi zopunduka. Boma ndilo limalipira mphunzitsi mwezi ndi mwezi, ndilo linamanga makalasi ndi laibulale. Wopereka thandizo amapeza munthu wophunzira kale, wolipidwa kale, n'kungoonjezera mafuta. Lamulo la sayansi ndi luso la 2003 linakhazikitsa National Commission for Science and Technology, imene inayamba ntchito mu 2009, ndipo imalengeza timathandizo tating'onoting'ono tolimbirana. Komitiyi ndi membala wa Science Granting Councils Initiative, mgwirizano wa mabungwe oterewa mu Africa umene unayamba mu 2015. Vuto ndi lakuti ngakhale ndalama zambiri zimene komitiyi yagawapo ndi zobwera. Pulogalamu yake yaikulu ya m'zaka zoyamba, yolimbikitsa kafukufuku wa zaumoyo, inali ya mapaundi 10 miliyoni ochokera ku Wellcome Trust ndi boma la Britain. Mayiko a mu Africa analonjezana kalekale kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma kwa ife gawo lochokera m'misonkho yathu ndi lochepa zedi.

Kuti akunja sadzatitaya, zaka zapitazi zayankha zokha. Mu 2021 Britain inatsitsa thandizo lake ku mayiko osauka kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ndipo mu Marichi chaka chomwecho mapulojekiti a thumba la GCRF, amene anali atasainidwa kale ndipo ali mkati, anauzidwa kuti ndalama zadulidwa. Mu Januwale 2025 America inaimitsa thandizo lake lakunja, USAID n'kutsekedwa miyezi ingapo pambuyo pake. Palibe wa ku Chirunga anafunsidwa maganizo pa zonsezi.

Koma choopsa chachikulu cha kudalira akunja si kudulidwa kwa ndalama. Ndi chakuti thandizo limakhala la zaka zitatu kapena zisanu, pamene mafunso a dera lino ndi a zaka makumimakumi. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwa kwambiri mu 2018. Timadziwa bwino zimene zinachitika mu 1968 chifukwa aphunzitsi a yunivesite yatsopanoyo, motsogozedwa ndi a Margaret Kalk, anayamba kuyeza nyanjayi mu 1966 n'kupitiriza zaka pafupifupi khumi, isanaume, itauma, ndi itadzalanso. Buku lawo la 1979 ndilo maziko a aliyense wolemba za Chilwa mpaka lero. Wopempha ndalama masiku ano kuti angoyeza madzi zaka khumi, popanda lonjezo losintha miyoyo ya anthu pofika chaka chachitatu, sangapite patali.

Kwerani phiri la Zomba m'chilimwe. Mudzakumana ndi azibambo akutsika ndi matabwa ndi nkhuni pamutu ndi panjinga, mudzaona zitsa pamene panali mapaini, ndi utsi wa moto wolusa. M'phirimo ndi momwe muli damu la Mulunguzi limene mzinda wonse umamwa, ndipo mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imatsika m'menemo kukathira m'Chilwa. Kodi kudulidwa kwa mitengoko kwasintha bwanji kuchuluka kwa madzi a mwezi wa Okutobala? Kodi dothi lolowa m'damu chaka chilichonse ndi lochuluka bwanji? Kuyankha mafunso otere sikufuna makina a mamiliyoni. Kumafuna munthu wokawerenga muyezo tsiku ndi tsiku, kabuku kolembamo, njinga, ndi malipiro osadukiza kwa zaka makumi awiri. Mu Zomba muli FRIM, National Herbarium, Geological Survey ndi National Statistical Office, zonse moyandikana ndi yunivesite, moti akatswiri sakusowa. Imeneyi ndi ntchito ya ndalama ya kwacha, yochepa koma yosaleka, yochokera ku Capital Hill, ku bungwe logulitsa madziwo, kapena ku thumba la yunivesite yeniyeniyo. A ku Oslo ndi a ku London sadzailipira, ndipo palibe chifukwa choti tiwadandaulire, poti madzi a m'damulo samwa iwo.